Malamulo a ukhondo pamsika ndi m'midzi: tiwalembe bwanji kuti akagwiredi ntchito?

Nankhoma:
Moni nonse. ADC (komiti ya chitukuko ya dera la afumu aakulu) ya kwathu yalemba malamulo a ukhondo oti ayambe kugwira ntchito mvula isanagwe, pamsika ndi m'midzi ya magulupu anayi ozungulira msikawo. Afumu aakulu avomera kusayinira. Tisanapite nawo kulikulu lawo, ndati ndiwaponye pano kuti inu odziwa muwapete kaye.

1. Pakhomo paliponse pakhale chimbudzi chabwino. Wopanda chimbudzi alipe mbuzi imodzi.
2. Wopezeka akuchita chimbudzi patchire kapena kumtsinje alipe K20,000.
3. Kugulitsa zakudya zophikaphika pamsika nkoletsedwa dzinja lonse.
4. Mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zopezeka zikuyenda zokha pamsika kapena pamjigo zizilandidwa.
5. Wokana kulipa katatu asamutsidwe m'mudzi, ndipo pakhomo pake pakagwa zovuta afumu asapereke manda.
6. Ndalama za chindapusa azisunga afumu.

Musatinyengerere, pamene palakwika nenani.

A Mbewe:
Mayi Nankhoma, tisanalowe m'ndimezo, mukufuna malamulo a mtundu uti? Ilipo mitundu iwiri ndipo anthu amaisakaniza. Woyamba ndi mgwirizano wa m'mudzi, womwe anthu amapangana pabwalo afumu n'kusayinira. Mphamvu yake yagona pa ulemu umene anthu amapereka kwa mfumu ndi manyazi a munthu pamaso pa anzake. Wina akakanitsitsa kulipa, kwa majisitireti simungapite naye, chifukwa khoti silingamupeze wolakwa pa pangano lomwe silinadutse njira yokhazikitsira malamulo. Wachiwiri ndi malamulo a khonsolo. Amenewa amachokera m'gawo 103 la Local Government Act ya 1998, lomwe limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo oyendetsera bwino dera lake lonse kapena mbali imodzi chabe ya deralo, komanso othana ndi zinthu zosowetsa anthu mtendere. Choncho khonsolo ikhoza kupanga lamulo lokhudza misika yokha, kapena dera limodzi lokha. Koma wopanga ndi khonsolo. Chidindo cha afumu aakulu sichisandutsa pepala lanulo kukhala lamulo la khonsolo.

Nankhoma:
Ife tikufuna oti wokana akaonekere kukhoti. Njira yake ndi iti, a Mbewe?

A Mbewe:
Yambani ndi umboni woti anthu anafunsidwa. VDC (komiti ya chitukuko ya midzi ya gulupu) iliyonse ichite msonkhano, alembi alembe tsiku, malo, mayina a omwe anabwera ndi zomwe anagwirizana, ndiponso zomwe ena anakana. ADC ikaphatikiza zimenezo, khansala wa wodi yanu ndi amene amanyamula nkhaniyo kupita nayo ku komiti ya khonsolo yoona zaumoyo ndi zachilengedwe. Kumeneko a ofesi ya DEHO (mkulu woona za ukhondo m'boma lonselo) amayang'ana ngati zomwe mwalemba zikugwirizana ndi malamulo a zaumoyo. Komiti ikakhutira imapereka kumsonkhano wa khonsolo yonse kuti avote.

Akavota sizinathe. Gawo 104 limati malamulowo adindidwe ndi chidindo cha khonsolo, ndipo sayamba kugwira ntchito mpaka nduna ya maboma ang'onoang'ono itavomereza. Khonsolo isanapemphe chivomerezocho iyenera kulengeza mu Gazette (chikalata cha boma cholengezera malamulo) ndi m'nyuzipepala masiku osachepera 14, ndipo kope lake likhale paofesi kuti aliyense wofuna akaliwerenge. Kenako maloya a boma amayang'ana kalembedwe kake lisanasindikizidwe.

Pamene zimafera ndi patatu. Khonsolo yonse imatha kukhala miyezi osakumana chifukwa palibe ndalama ya msonkhano. Chilengezo cha m'nyuzipepala chimafuna ndalama yomwe palibe anaiika mu bajeti. Ndipo fayilo ikafika ku Capital Hill popanda woilondola imangokhala. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014 dziko lino linalibe makhansala, kotero kwa zaka zonsezo panalibe ovotera malamulo atsopano, makhonsolo ankangodalira akale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: sankhani munthu mmodzi wa ADC woti azifunsa kwa khansala ndi kuofesi ya bwanamkubwa kuti fayilo ili pati.

Kunena mosabisa, dzinja likubwerali lamulo la khonsolo silikhala litatuluka. Yendetsani ziwiri nthawi imodzi. Mgwirizano wa m'mudzi uyambe tsopano, pempho la kukhonsolo lizipita, koma mawu ake akhale amodzimodzi kuti anthu asadzaphunzire kawiri.

Tadala:
Musanavutike ndi zonsezo, kafunseni kaye kukhonsolo ngati alibe kale malamulo a misika ndi a ukhondo. Makhonsolo ambiri ali nawo, angoti sanawamasulire m'Chichewa ndipo sanawamate pamsika. Palinso Public Health Act, ya 1948 koma ikugwirabe ntchito, yomwe imapatsa khonsolo udindo wothana ndi zonyansa zoika moyo wa anthu pachiswe, kuphatikizapo kulembera mwini malo chidziwitso choti akonze pofika tsiku lakuti. Mwina theka la zomwe mukufuna lilipo kale, chosowa ndi wolitsata.

Nyagondwe:
Ine ndiyambe ndi ndime 1, chifukwa ndi imene idzabweretse mikangano yambiri. "Chimbudzi chabwino" ndi chotani? Woyendera adzati si chabwino, mwini wake adzati n'chabwino, mlandu wathera pomwepo. Lembani zinthu zoti munthu aziona ndi maso kapena kuyeza ndi chingwe.

Dzenje likhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena pamjigo, ndipo likhale kumunsi kwa madziwo, osati kumtunda kwake. Pansi pa dzenje pasiyane ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka kapena kupitirira, ndipo muyezo umenewu muziutenga poganizira pomwe madzi amafika mu February, osati mu October pamene zitsime zatsika. Pamwamba pakhale potsekeka bwino popanda mipata pakati pa mitengo, pozira kapena poika silabu. Bowo likhale ndi chivindikiro chokwana, chokhala ndi chogwirira. Chivindikirochi anthu amachipeputsa, koma chimbudzi chopanda chivindikiro chimangosonkhanitsa ntchentche pamalo amodzi pafupi ndi khitchini. Bowolo lisakule kupitirira masentimita 20 m'lifupi, apo ayi ana amaopa kugweramo ndipo amakakhala kuseri kwa chimbudzi chomwecho. Pakhale denga, chifukwa mvula yolowa m'dzenje ndi imene imagumula makoma. Pakhale chitseko kapena khoma lokhota loti munthu asaonekere. Ndipo pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi, ndi sopo kapena phulusa.

Za kukula kwa dzenje tingawerengere limodzi. Munthu mmodzi amadzaza pakati pa malita 40 ndi 60 pa chaka. Banja la anthu 6, titenge 60, ndi malita 360 pa chaka. Dzenje lozungulira la mita imodzi m'mimba mwake, lakuya mamita atatu, mukasiya theka la mita pamwamba loti mudzakwirire, limatenga malita pafupifupi 1,960. Ndiye kuti zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Koma pakhomo pomwe amagwiritsa ntchito zitsononkho, kapena amatayamo matewera a ana ndi majumbo, limadzaza msanga kwambiri chifukwa zimenezo siziwola msanga, majumbowo sawola n'komwe. N'chifukwa chake ndime ya chimbudzi iyende pamodzi ndi ya dzenje la zinyalala.

Che Amidu:
Zomwe anena a Nyagondwe ndi zoona kumtunda komwe dothi ndi katondo. Kumchenga, monga m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kapena kuchigwa cha Shire, mukalemba kuti "mamita atatu" mwalamula anthu chinthu chomwe chiwagwere. Dzenje la makona anayi mumchenga limagumuka mvula yoyamba. Kumeneko dzenje likhale lozungulira ndipo limangidwe ndi njerwa kuchokera pansi. M'munsi mumasiya timipata pakati pa njerwa kuti madzi azitha kulowa m'dothi, koma theka la mita la pamwamba mumamanga mothina ndi matope kapena simenti, n'kukweza pakamwa pake kuti madzi oyenda asalowe. Palinso mamangidwe aja opanikiza njerwa pang'onopang'ono kumka m'mwamba mpaka kutsala kabowo, omwe safuna mitengo yoyala pamwamba. Amathandiza kawiri: mitengo ikusowa, ndiponso mitengo ndi imene chiswe chimadya mpaka munthu kugwera m'dzenje. Komwe madzi ali pafupi kwambiri, mumakumba pang'ono n'kumanga chimbudzicho chokwera pamwamba pa nthaka.

Ndiye m'lamulomo musaike kuya kumodzi kwa aliyense. Lembani kuti kuya ndi mamangidwe zitsate malangizo a mlangizi wazaumoyo malinga ndi dothi la pamalopo.

Silabu yaing'ono ija ya masentimita 60 mbali zonse ndi yokwanira pachimbudzi cha pakhomo, koma ikaumbidwa izithiriridwa madzi sabata yathunthu pamthunzi. Zambiri zomwe zimasweka ndi zomwe anaziumba lero n'kuziika padzuwa mawa.

Nankhoma:
Zamveka. Nanga nthawi? Tinaganiza zopereka masabata awiri.

Che Amidu:
Masabata awiri ndi okumba okha. Njerwa, udzu wofolera, womanga, zonsezo zimafuna nthawi ndi ndalama. Perekani masiku 60 kapena 90, ndipo aziyambira mu August pamene anthu agulitsa zokolola ndipo nthaka ndi youma. Lamulo loyamba mu December limapeza anthu ali kumunda, m'thumba mulibe kanthu, dzenje likudzaza madzi akukumba.

Tadala:
Pali dzenje lina m'ndime 1 lomwe simunalione. Pamsika anthu ambiri ndi a lendi. Mzere wa zipinda khumi, chimbudzi chimodzi, landilodi amakhala kutali. Mukati "pakhomo paliponse", mbuzi alipe ndani? Wa lendi alibe ufulu wokumba pamalo a mwini wake. Udindo ukhale wa mwini malo, ndipo muike chiwerengero: chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20. Chimodzimodzi mabala, malo oonetsera kanema, zigayo, matchalitchi ndi mizikiti. Kwa a mabizinesi njira yachidule ndi laisensi: khonsolo isapereke kapena kuwonjezera laisensi pamalo opanda chimbudzi ndi posambira m'manja. Zimenezo zimaluma kuposa chindapusa.

A Mbewe:
Pa za chindapusa pomwepo. M'lamulo la khonsolo simungalembe mbuzi, chindapusa chimakhala cha ndalama ndipo chili ndi malire. Gawo 105, monga linalembedwera mu 1998, linati chisapitirire K2,000, kuonjezerapo K200 pa tsiku lililonse lomwe munthu akupitiriza kulakwako atapezeka kale wolakwa, kapena ndende yosapitirira miyezi 6. Makhonsolo a m'mizinda akhala akudandaula kwa zaka kuti ndalama imeneyi inatha mphamvu kalekale. Choncho K20,000 yanuyo loya wa khonsolo adzaiyeza ndi malire omwe lamulo lalikulu likulola, ndipo ikapitirira adzaidula. Musamange lamulo lonse pa kukula kwa chindapusa. Tadala wanena bwino za laisensi. Palinso njira ya chidziwitso: chenjezo la pakamwa lolembedwa m'kaundula, kenako kalata yopereka masiku, kenako chilango. Majisitireti amafuna kuona kuti munthu anauzidwa, anapatsidwa nthawi, ndipo anamvedwa. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limafuna zimenezo kwa aliyense wogamula zokhudza ufulu wa munthu, ndi zifukwa zolembedwa.

Mu mgwirizano wa m'mudzi mbuzi ndi yololedwa ngati anthu agwirizana, koma ganizirani amene alibe chimbudzi ndi ndani. Kawirikawiri ndi agogo okhala okha, munthu wolumala, mayi wolera ana yekha. Amene ali ndi mbuzi yolipira, chimbudzi ali nacho kale.

Nyagondwe:
Eetu. Mabanja otere VDC iwalembe mayina lamulo lisanayambe, poyambira pabwino ndi mndandanda wa Mtukula Pakhomo, ndipo mudzi uwakumbire. Ndiponso chilango cha wophwanya ndime 2 chikhoza kukhala ntchito m'malo mwa ndalama: akakumbe dzenje la agogo ena. Kwa olumala ndi okalamba muikemo kuti pakhale chogwirira ndi pokhalira pokwera, chifukwa munthu wosatha kunjuta chimbudzi wamba sichimuthandiza.

Ndime 2 ilinso ndi vuto la umboni. Adzamugwira ndani munthu patchire m'mbandakucha? Alangizi azaumoyo sayang'ana anthu, amayang'ana zizindikiro: kanjira kopita kuchimbudzi n'kopondeka kapena kamera udzu, m'chigubu cha mpondagiya muli madzi kapena ndi chouma chong'aluka ndi dzuwa, pansi pake panyowa kapena ayi, kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mwa dambo muli chiyani. Chigubu chomwe chamangiriridwa m'mawa womwewo chifukwa amva kuti kukubwera alendo chimadziwika, chingwe chake chimakhala chatsopano ndipo pansi pamakhala pouma. Lembani kuti kuyendera kuzichitika mwezi uliwonse, tsiku losalengezedwa, ndi mlangizi wazaumoyo pamodzi ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndipo zotsatira za mudzi uliwonse ziziwerengedwa pamsonkhano wa ADC. Kuyendera kukasiya, zimbudzi zogwa ndi mvula sizimangidwanso. Izi zaoneka m'madera ambiri omwe analandira kale satifiketi yoti anasiya kuchita chimbudzi patchire.

A Kamanga:
Ine ndikuona ngati mukuwachepetsa mafumu. Dziko lino zinthu zambiri zasintha ndi malamulo a mafumu popanda Gazette. Inkosi Kachindamoto ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, ana n'kubwerera kusukulu. Inkosi Kwataine ku Ntcheu inatchuka ndi malamulo a uchembere wabwino. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira kalekale, ndipo asodzi amamvera kuposa mmene amamverera malamulo a boma. Ndime 5 ndi yowawa, inde, koma munthu akadziwa kuti manda sadzapatsidwa amakumba chimbudzi tsiku lomwelo. Lamulo lopanda mano ndi la chiyani?

A Mbewe:
A Kamanga, zitsanzo mwapereka ndi zabwino, koma taonani chimene chinazigwiritsa ntchito. A Kachindamoto anasayinitsa mafumu awo aang'ono, ndipo wolekerera ukwati wa mwana ankamuimitsa paufumu. Chilango chinkagwera munthu waudindo, pa chinthu chomwe mfumu yaikulu ili nacho mphamvu. Komanso lamulo la dziko linali mbali yawo: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu February 2017 nyumba ya malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nazo. Ku Mbenji lamulo ndi losavuta kuona: nyengo yotseka ikafika aliyense amachoka pachilumba, bwato lopezeka kumeneko palibe chokambirana. Ndipo asodziwo phindu lake amaliona okha akatsegulira.

Ndime 5 ndi yosiyana ndi zonsezi. Gawo 39 la malamulo aakulu limapatsa munthu ufulu wokhala kulikonse m'dziko muno, gawo 28 limaletsa kumulanda katundu mwachisawawa, gawo 19 limateteza ulemu wake, ndipo gawo 5 limati lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakuluwo ndi lopanda ntchito. Ndime imeneyi ikafika kwa maloya a boma idzabweza pepala lonse. Ndipo ikatsalira mu mgwirizano wa m'mudzi, amene adzaitanidwe kukhoti ndi afumuwo. Kukaniza manda kumalanganso anthu omwe sanalakwe, amasiye ndi anamfedwa.

Nyagondwe:
Ndiwonjezere pa za uchembere, popeza a Kamanga azitchula. Malamulo aja anathandiza kuti amayi ambiri azikachirira kuchipatala, zimenezo palibe wotsutsa. Koma komwe chindapusa chinkagwera mayi yemwe wachirira panjira kapena kunyumba, ena ankachedwa kubwera ndi mwana kusikelo poopa kulipitsidwa, ndiye mwana n'kuphonya katemera woyamba. Pa kolera ngozi yake ndi yomweyo ndipo ndi yoopsa kwambiri. Banja likadziwa kuti wodwala akapezeka pakhomo pawo abwera kudzayendera n'kuwalipitsa mbuzi, amamubisa. Kolera ikhoza kupha munthu m'maola ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi. Muikemo ndime yonena poyera kuti banja lomwe lanena za wodwala kapena lapita naye kuchipatala sililipitsidwa chilichonse pa ulendo umenewo, lingopatsidwa masiku oti likonze.

A Kamanga:
Pa za kubisa odwala ndagonja. Koma mano akhalepo ndithu. Ngati si manda, bwanji nyakwawa yomwe mudzi wake watsalira ikayankhe kwa gulupu, gulupu kwa afumu aakulu?

A Mbewe:
Imeneyo ndiye njira yake, ndipo ili m'manja mwa afumu aakulu kale, sifunika Gazette. Chenjezo limodzi lokha: ngati msika wanu uli mkati mwa malire a mzinda kapena manisipaliti, Chiefs Act salola mfumu kugwiritsa ntchito mphamvu zake mmenemo popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo. Kumsika wa kumudzi vuto limeneli palibe.

Tadala:
Tibwere pa ndime 3. Kuletsa zophikaphika dzinja lonse ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Amayi a mandasi, a zitumbuwa, a nsima pamsika, anyamata a chiwaya, onsewo adye chiyani? Chimene chimachitika n'chakuti amachoka pamsika pomwe mukanawaona n'kukagulitsira kuseri kwa mabala ndi pageti pa sukulu, mubeseni lovindikira ndi chitenje.

Nyagondwe:
Koma tisaiwale chomwe chinatigwera. Mliri unayamba ku Machinga mu March 2022, pambuyo pa namondwe Ana, unafika maboma onse, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Pa nthawi ngati imeneyo kuletsa kuli ndi malo ake.

Komabe ndikugwirizana nawe Tadala kuti chiletso chisakhale cha pakalendala. Ndimeyi igawike pawiri. Mbali yoyamba ikhale ya chaka chonse: wogulitsa chakudya alembetse kwa mkulu wa msika, agulitsire pamalo omwe apatsidwa, chakudya chikhale pathebulo osati pansi, chovindikira, chogulitsidwa chotentha. Madzi osamba m'manja akhale othira kuchokera mu ndowa ya mpopi kapena jagi, osati beseni limodzi lomwe aliyense akuviikamo manja. Madzi akumwa ndi otsukira mbale akhale othira klorini ndipo adikire mphindi 30 asanagwiritsidwe ntchito. Mandasi azitoledwa ndi chotolera, kasitomala asamasankhe ndi manja. Mbali yachiwiri ipatse khonsolo mphamvu yoimitsa malonda ena a ofesi ya zaumoyo akatsimikiza kuti m'dera muli kolera, kwa masiku otchulidwa, ndipo chiletsocho chithe chokha ngati sichinawonjezeredwe. Zoyamba kuimitsidwa zikhale zozizira ndi zamadzimadzi: mafirizesi, thobwa wotungira m'chidebe chimodzi, madzi a m'majumbo, zipatso zosendasenda, saladi wa pachiwaya. Tchipisi chochoka m'mafuta owira si chimene chimadwalitsa, koma kabichi waiwisi amene amathira pamwamba pake.

Che Amidu:
Funso langa kwa Mayi Nankhoma: pamsikapo chimbudzi chilipo? Chifukwa ndime zonse zisanu ndi imodzi zikulamula anthu wamba, palibe ngakhale imodzi yolamula khonsolo, pomwe tsiku lililonse la msika khonsolo imadulitsa matikiti.

Nankhoma:
Chilipo cha zipinda ziwiri, chinadzaza ndipo anachikhoma. Tsiku la msika mabenchi amapitirira 200.

Che Amidu:
Ndiye ndime 2 simungaiyambe pamsikapo. Munthu wabwera m'mawa ndi matumba a mbatata, achoka madzulo, apite kuti? Muyezo womwe mabungwe othandiza pa ngozi amatsata ndi chipinda chimodzi pa mabenchi 50 ngati n'zongoyembekezera, ndi chimodzi pa mabenchi 20 ngati n'zokhalitsa. Pa mabenchi 200 ndiye zipinda zinayi pang'ono penipeni, khumi kuti zikhale bwino, za amayi padera ndipo zichuluke kuposa za abambo, abambo muwaonjezere pokodzera. Cha pamsika chimangidwe ndi njerwa ndi simenti mpaka pansi, chikhale ndi potsegula kumbuyo kuti chizipopedwa, ndipo galimoto izitha kufika. Chosamangira mkati mukachipopa chimagumuka. Pakhale munthu wolembedwa ntchito wosamalira, wokhala ndi madzi, sopo, tsache ndi klorini. Zimbudzi za m'misika sizifa ndi kumanga koipa kokha, zambiri zimafa chifukwa palibe amene ntchito yake ndi kutsuka.

Pitani ndi pempho lolembedwa kuti gawo la ndalama za matikiti lizibwerera pamsikapo pa ntchito ya ukhondo, ndipo chiwerengero chake chilembedwe m'lamulomo. Kumanga kwenikweniko mukhoza kukuika mu pulani ya chitukuko ya ADC kuti kupeze ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) kapena za thumba la chitukuko la khonsolo.

Tadala:
Ndime 4 mwachidule. Kulanda ayi, kusunga inde. Chiweto chigwidwe, chilembedwe m'buku: tsiku, malo, mtundu, maonekedwe, wogwira ndi mboni. Mwini wake adziwitsidwe kudzera kwa nyakwawa, alipe ndalama yotchulidwa pa tsiku lililonse lomwe chasungidwa, achitenge. Masiku otchulidwa akatha osabwera, chigulitsidwe poyera ndipo yotsala pochotsa zolipira ipite kwa mwini wake. Koma musanalembe zimenezi dziwani khola lili kuti ndipo wodyetsa ndi ndani, chifukwa mbuzi ikafera m'manja mwanu mlandu ndi wanu. Nkhumba musaziphatikize m'khola limodzi zochokera makomo osiyana, mudzafalitsa chigodola mudzi wonse. Za nkhumba lamulo lingoti zikhale m'khola chaka chonse, ndipo wolakwa alipe pakhomo pake pomwepo. Pamjigo, mpanda ndi ngalande yotayira madzi yothera m'dzenje la miyala zimathetsa vuto la ziweto kuposa kuthamangitsana nazo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya komiti ya mjigo.

A Mbewe:
Ndime 6. Woweruza asakhale wosunga chindapusa, apo ayi anthu adzati afumu akusaka ndiwo, ngakhale afumuwo ali oona mtima. Pa lamulo la khonsolo nkhani ndi yachidule: ndalama iliyonse imalipidwa kwa wotolera wa khonsolo ndipo pamatuluka lisiti ya khonsolo. Pa mgwirizano wa m'mudzi sankhani msungichuma wa komiti ya zaumoyo, buku la malisiti la manambala lokhala ndi kaboni, osayinira atatu, ndipo lipoti liziwerengedwa pabwalo miyezi itatu iliyonse. Lembaninso ntchito ya ndalamazo: simenti ya masilabu a mabanja ovutika, sopo wa pamsika, zipangizo za mjigo. Chabwalo cha afumu chikhale nkhani yapadera, chisasakanikirane ndi thumba limeneli. Achitetezo a m'mudzi asapatsidwe mphamvu yolandira ndalama panjira kapena kumenya munthu, ntchito yawo ndi kukanena.

Nankhoma:
Ndalembanso ndime 1 motere, tandionereni: "Mwini malo aliyense aonetsetse kuti pamalo pake pali chimbudzi chokhala ndi denga, chitseko kapena khoma lobisa, pansi potsekeka, chivindikiro, ndi posambira m'manja pokhala ndi madzi ndi sopo kapena phulusa. Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena mjigo, ndipo chimodzi chisapitirire anthu 20. Wopezeka alibe apatsidwe kalata ya masiku 60. Mabanja omwe VDC yawalemba kuti ndi ovutika athandizidwe ndi mudzi." Ndime 5 taichotsa. Ndime 2 pamsika idikire chimbudzi.

A Mbewe:
Yakhala bwino. Onjezerani ziwiri. Fotokozani kuti "mwini malo" ndi ndani, muphatikizepo womuimirira kapena wotolera lendi, chifukwa eni nyumba za pamsika ambiri sakhala pomwepo ndipo kalata iyenera kukhala ndi woilandira. Chachiwiri, tchulani amene akusayinira kalata ya masiku 60 ndi komwe munthu wosakhutira angakadandaule, mwachitsanzo kwa afumu aakulu pa mgwirizano wa m'mudzi, pasanathe masiku 14.

Nyagondwe:
Ndipo pali makomo ena omwe mamita 30 sangakwane chifukwa mapuloti a pamsika ndi opanikizana ndipo ena anakumba zitsime pakhomo. Pamenepo musakakamize dzenje. Lolani makomo awiri kapena atatu amange chimodzi pamalo oyenera, alembetse kwa mlangizi kuti ndi cha mabanja ati, kapena chitsimecho chisiye kukhala cha madzi akumwa. Mlangizi ayende ndi chingwe choyezera pa ulendo woyamba, anthu asanayambe kukumba.